Thandizeni: D2 ya kamphete ka silicon nitride ikutuluka ya minus, ndasokoneza pati?

Mphunzitsi_Ulongwe analemba:

Moni nonse. Pepani nkhaniyi ndi yaitali koma ndakhala nayo masabata awiri tulo osabwera bwino, nde ndati ndiitule pano mwina alipo anaigwirapo ntchito imeneyi. Ine ndimaphunzitsa fizika kuno ku Ulongwe, kalasi ya 11 ndi 12, komanso ndikulemba monografiya yanga pa nkhani ya kuwala. Mwana wa achemwali anga ali ku Ulaya pa bolsa, amagwira mu labu ya ma laser, ndi amene anandikopa kuti malume lembani za ma microresonator, timphete tating'onoting'ono tosunga kuwala, data ndikupatsani ine. Ananditumiziradi faelo lalikulu zedi, ndinalitsitsa cha mma 1 koloko usiku pamene netiweki imapepuka, koma pano mnyamatayo ali mkati molemba tese yake sindikufuna kumamuimbira tsiku ndi tsiku.

Chimene anayeza ndi kamphete ka silicon nitride kokhala pa chip, kuchoka pakati kufika mmphepete ndi ma micrometre pafupifupi 230, ndiye kuti mulifupi mwake sikakwana ngakhale theka la milimita. Pa chithunzi chomwe ananditumizira anakaika pambali pa nsonga ya singano kuti ndione kuchepa kwake. Pambali pa kampheteko padutsa kanjira ka kuwala kowongoka. Laser amaiyendetsa kuchoka pa 1520 nm kufika 1620 nm, ma nanometre 10 pa sekondi, masekondi 10 basi zatha. Nthawi iliyonse frekwensiya ya laser ikagwirizana ndi kamphete kuwala kumalowa mmenemo nkumazungulira, kofika pa detector kumachepa, pa galafu pamaoneka kadzenje. Timaenje timeneti ndawerenga pafupifupi 120, totalikirana ma GHz 100.

Faelo lili ndi mizati itatu. Woyamba ndi timaenje tija. Wachiwiri ndi mafunde okwera nkutsika ochokera mu Mach-Zehnder interferometer ya faiba, chipangizo chogawa kuwala mmikono iwiri nkukusakanizanso chomwe chimagwira ntchito ngati rula ya frekwensiya, anati mkono wina ndi wautali kuposa unzake ndi mamita 5, faiba wake SMF-28. Wachitatu walembedwa kuti HCN ndipo uli ndi timaenje takenso koma mbali imodzi yokha, umenewu sindinaukhudze. Mizere ilipo 10 miliyoni, Excel inakana chifukwa imathera pa mizere 1,048,576, nde ndinaphunzira Python mokakamizika ndipo pano ndikuyenda nayo bwinobwino.

Zomwe ndachita ndi izi. Ndawerengera kuti funde limodzi la interferometer ndi liwiro la kuwala kugawa ndi 1.468 kuchulukitsa mamita 5, zikupereka 40.9 MHz. Ndawerenga mafunde onse, akwana pafupifupi 298,000, ndiye pakati pa kadzenje ndi kanzake pali mafunde ngati 2,450. Kadzenje kalikonse ndakapatsa frekwensiya yake pochulukitsa nambala ya mafunde ndi 40.9 MHz, ndachotsa mzere wowongoka wa D1, wosonyeza pomwe timaenje tikanakhala titatalikirana mofanana, kuti patsale D_int, kupatuka kwa kadzenje kalikonse pa mzerewo, kenako ndakwanitsa parabola pa zotsalazo kuti ndipeze D2, nambala yosonyeza mmene mtunda wa pakati pa timaenje ukusinthira. D2/2π yatuluka pafupifupi minus 0.1 MHz. Koma mphwanga uja anati simulation yawo inapereka plus 0.2 MHz, kamphete anakapanga dala kuti kakhale anomalous, kutanthauza D2 ya plus. Ndabwereza kasanu yankho ndi lomwelo, parabola yanga ndi yozondoka.

Mafunso anga: ndalakwitsa pati? Nanga bwanji osangowerenga wavelength yomwe laser imanena yokha mmalo movutika ndi mafunde 298,000? Komanso HCN uja ntchito yake ndi chani? Ana anga a kalasi ya 12 ndinawalonjeza kuti ndidzawaonetsa galafu yeniyeni yochokera mu labu, sindikufuna kuwaonetsa chinthu cholakwika.

WaFaiba_Moatize analemba:

Aphunzitsi moni. Ine ntchito yanga ndi yolumikiza faiba mmisewu muno, Tete Moatize mpaka kukwera N7 kulowera ku Zobwe, nde nditaona SMF-28 mu funso lanu mtima unati dii chifukwa chingwe chimenecho ndimachigwira mmanja tsiku lililonse. Ndikuganiza kuti vuto lili pa 1.468 yanuyo. Mwaitenga ngati nambala yosasintha kuchoka 1520 mpaka 1620 pomwe faiba nayenso ali ndi dispersion yake, kusiyana kwa liwiro la mitundu ya kuwala, ife timaidziwa pamtima, pafupifupi 17 ps (ma picosekondi) pa nanometre pa kilomita mukakhala pa 1550 nm, pa 1310 nm nde imakhala pafupi ndi ziro. Ndi chifukwa chake link ya 10 Gbit/s pa 1550 ikafika makilomita ngati 80 imayamba kudandaula, ma pulse amatambasuka nkuyamba kupondana.

Tawerengerani nane. Kilomita imodzi ya faiba kuwala kumaidutsa mu ma microsekondi 4.9, ndi nambala yomwe makina athu oyezera faiba a OTDR amagwiritsa ntchito potiuza pamene chingwe chaduka. Mu ma ps ndi 4,900,000. Tsopano 17 kuchulukitsa ma nanometre 100 anu ndi 1,700 ps. Mukagawa 1,700 ndi 4,900,000 mupeza 0.00035. Ndiye kuti funde lanu la 40.9 MHz silofanana kuyambira koyamba mpaka kumapeto, limasintha ndi gawo limenelo. Ndipo musanene kuti mamita 5 ndi ochepa sangakhale ndi dispersion, kutalika kumadzichotsa kokha pogawa, kaya ndi mamita 5 kaya kilomita gawo lake ndi lomwelo 0.00035. Ine kuntchito pa patch cord ya mamita 5 sindiganizako nkomwe za dispersion koma inu mwasandutsa chingwecho kukhala rula yanu nde nkhani yasintha.

China, onetsetsani mbali yomwe mukuwerengera. Wavelength ikamakwera frekwensiya ikutsika. Ngati mwayamba kuwerenga mafunde kuchoka pa 1520 nkumawonjezera frekwensiya ndiye mwatembenuza zonse ndipo plus asanduka minus.

Mphunzitsi_Ulongwe analemba:

Zikomo achimwene. Za mbali ndinaziona kale, sabata yoyamba ndinagweramo koma ndinakonza, nambala ya timaenje ikukwera pamodzi ndi frekwensiya. Za 0.00035 zo sindinaziganizeko, ndimaona ngati ndi kanthu kosawerengeka.

Mdala_Zobwe analemba:

Ana anga ine ndinapuma ntchito ya magetsi kalekale koma ndimakonda kuwerenga zomwe mumalemba muno. Tandiuzeni mwachidule, kamphete kosaoneka ndi maso kameneka kali ndi ntchito yanji kuti munthu asowe tulo masabata awiri? Ndipo dispersion mukunenayi ndi yomwe ija ya prizima yomwe tinkaphunzira kusukulu?

MwanaWaMacanga analemba:

Aphunzitsi, achimwene a ku Moatize akhomerera pamutu penipeni pa msomali, ndingomalizitsa masamu awo. Ine kwathu ndi ku Furancungo koma pano ndili kunja ndikuchita maphunziro a ma photonics ndipo muyeso womwewu ndaupanga kambirimbiri, galafu yozondoka ngati yanuyo inandizunguzanso mutu chaka changa choyamba.

Tengani 0.00035 muchulukitse ndi 100 GHz, mupeza 35 MHz. Ndiye kuti mtunda wa pakati pa timaenje, womwe timautcha FSR, uoneka ngati wasintha ndi 35 MHz kuchoka mbali ina kufika mbali inayo ngakhale kamphete katakhala kopanda dispersion nkomwe. Gawani 35 MHz ndi timaenje 120, mupeza 0.29 MHz pa kadzenje kalikonse. D2/2π tanthauzo lake ndi lomwelo, kuchuluka komwe FSR imakulira mukachoka pa kadzenje kena kupita kotsatira chokwera frekwensiya. Tsono mbali yake: SMF-28 pa 1550 ndi anomalous nayenso, frekwensiya ikamakwera funde la interferometer limakula, ndiye mafunde okwana pakati pa timaenje tiwiri amachepa, inu nkumaona ngati timaenje tikuyandikana. Choncho zomwe mwapeza ndi D2 yeniyeni kuchotsapo 0.29. Bwezeranipo 0.29 pa minus 0.1 yanuyo muone chomwe chituluke.

Ndikamaganiza zimenezi ndimakumbukira chingwe chobzalira cha amayi anga. Anamangirira zitsekero za mabotolo pa chingwe cha nayiloni, chitsekero chilichonse phando limodzi. Chingwecho chitakalamba mbali ya kumapeto inatanuka, zitsekero za uko zinatalikirana pang'ono. Mutatenga chingwe chotero kukayezera mitengo yomwe wina anabzala motalikirana mofanana ndendende, muziwerenga zitsekero pakati pa mtengo ndi mtengo, kumapeto muwerenga zochepa nkunena kuti mitengo ya uko yathinana. Mitengo ilibe mlandu, chingwe ndiye chatanuka. Rula yanu ya faiba ndi chingwe cha amayi chimenecho.

Funso la wavelength ya laser. Taonani kuchepa kwa chomwe mukufunafuna. D_int ndi theka la D2 kuchulukitsa ndi nambala ya kadzenje itachulukitsidwa ndi iyo yomwe. Pa kadzenje ka nambala 60 kuchoka pakati, 0.2 MHz kuchulukitsa 3,600 kugawa pawiri ndi 360 MHz basi, pomwe mwayenda ma THz 6 kuti mufike pamenepo. Pa 1550 nm nanometre imodzi ndi pafupifupi 125 GHz, ndiye laser ikaphonya ndi ma picometre 10 okha yaphonya ndi 1.25 GHz, kuposa parabola yanu yonse katatu ndi kuposerapo. Ndipo mkati mwa laser zimenezi muli mota yomwe imatembenuza grating, kachipangizo kosankha wavelength, siyenda mofanana, pena imathamanga pena imazengereza. Nambala ya pa sikirini ndi yokuuzani dera lomwe muli, si yoyezera. Nchifukwa chake aliyense amaika rula ina pambali.

Ma rula amenewa alipo angapo. Interferometer ya faiba ndi yotchipa ndipo ndi yomwe ma labu ambiri amagwiritsa ntchito, kungoti uyenera kuiyeza kaye iyoyo. Yolondola kwambiri ndi ya frequency comb, yomwe Pascal Del'Haye ndi anzake a gulu la Tobias Kippenberg anaifalitsa mu 2009 ali ku Max Planck Institute of Quantum Optics ku Garching. Comb ndi laser yotulutsa mizere ya kuwala zikwizikwi yotalikirana mofanana ngati mano a chipeso, ambiri ogulitsidwa mano ake amatalikirana 250 MHz, ndipo mtunda umenewo umamangiriridwa ku wotchi ya atomiki nde sutanuka. Umasakaniza laser yako yoyenda ija ndi comb pa detector, pamatuluka beat, kusiyana kwa frekwensiya ziwirizo. Beat yo umaidutsitsa mu sefa yopapatiza ya wailesi, laser ikafika pa mtunda wina wake kuchoka pa dzino sefa imalola ka siginecha kudutsa, kamodzi isanafike pa dzino kamodzi itadutsa. Ukaika masefa awiri uli ndi zizindikiro zinayi pa dzino lililonse, zonse ukudziwa malo ake, ndipo kadzenje ka mphete umakapeza mosaphonya ndi MHz imodzi. Comb imeneyi ndi yomwe inapezetsa John Hall ndi Theodor Hänsch mphotho ya Nobel mu 2005, anagawana ndi Roy Glauber. Vuto lake ndi mtengo basi, si labu iliyonse ingakhale nayo.

Ina ndi ya ma sideband, gulu la Kerry Vahala ku Caltech linailemba mu 2012. Umadutsitsa laser mu modulator yoyendetsedwa ndi siginecha ya microwave, kuwala kumabala ana awiri wina kumtunda wina kumunsi, otalikira ndi frekwensiya ya microwave yo ndendende. Umasintha microwave mpaka mwanayo agwere mu kadzenje koyandikana nako, pamenepo FSR waiwerenga pa jenereta ya microwave mwachindunji. Ndi yolondola zedi koma imayenda bwino pa mphete zazikulu zomwe FSR yake ndi ma GHz makumi ochepa, ndipo umayenda kadzenje kamodzikamodzi. Pa 100 GHz ngati yanuyi zipangizo zake zimavuta.

Agogo a ku Zobwe, eya ndi yomweyo ya prizima, ndi yomwenso imapanga utawaleza. Mu galasi kapena mmadzi mitundu ya kuwala siyenda liwiro limodzi. Kamphete aka kuwala kukalowamo kumazungulira maulendo mazanamazana kusanazilale, nde mphamvu imaunjikana mu kamalo kochepetsetsa mpaka galasi lenilenilo limayamba kusintha khalidwe malinga ndi kuwala komwe kulimo, timati Kerr effect. Zikatero laser ya mtundu umodzi imabala mitundu ina yambiri, mtundu umodzi pa kadzenje kalikonse, ndiye kuti chipeso chija chomwe chimadzadza tebulo chatuluka pa kachinthu kokwana pa chikhadabo. Zimenezi anazionetsa koyamba mu 2007 ku Garching komweko, ndipo mu 2014 gulu la ku EPFL ku Lausanne linaonetsa kuti mitunduyo ikhoza kugwirizana nkupanga ka pulse kamodzi kozungulira osatambasuka, soliton. Kuti soliton yowala ikhalepo Kerr effect ndi dispersion ziyenera kukokana mofanana, ndipo zimatheka pokhapokha dispersion ikhale anomalous, D2 ya plus. Ndi chifukwa chake aphunzitsi asowa tulo, plus ndi minus pamenepa ndi kusiyana kwa chip chogwira ntchito ndi chosagwira. Ntchito yake inu a magetsi muikonda: mu 2017 a ku Karlsruhe pamodzi ndi a EPFL anatumiza data yoposa ma terabit 50 pa sekondi mu faiba pogwiritsa ntchito timphete totere mmalo mwa ma laser ambirimbiri. Amatigwiritsanso ntchito poyeza mtunda ndi kuwala komanso pokonza zipangizo zoyezera kuwala kwa nyenyezi.

Ndipo simulation payokha siikwanira. Silicon nitride mwachibadwa pa 1550 dispersion yake ndi normal, chomwe chimaitembenuza ndi maonekedwe a kanjirako, kayenera kukhala kokhuthala ma nanometre 700 kapena kuposa, ndipo kukhuthala kukaphonya pang'ono popanga D2 yasuntha kale. Makamaka kamphete ngati aka komwe D2 yake ili pafupi ndi ziro. Nde munthu umayeza basi.

Mdala_Zobwe analemba:

Zikomo mwanawe, ndamva. Za chingwe chobzalira zandifika pamtima, malemu akazi anga anali nacho chotero.

Mphunzitsi_Ulongwe analemba:

Achemwali a ku Macanga, Mulungu akudalitseni. Dzulo nditaweruka sindinadye nkomwe, ndinangokhala pa kompyuta. Ndasintha pulogalamu kuti funde la interferometer lizikula pang'onopang'ono ndi frekwensiya malinga ndi 17 ps ija, ndipo parabola yatembenuka pamaso panga, D2/2π yatuluka plus 0.19 MHz. Ndinaimirira nkuzungulira mnyumba, mayi akunyumba anadabwa kuti chachitika nchani.

Koma pali china chatsala. Madontho ambiri akhala bwino pa parabola kupatula asanu ndi limodzi a cha pa 1585 nm. Atatu akukwera kuchoka pa mzere, lomaliza lapita kutali ndi ma MHz mazana angapo, kenako mwadzidzidzi otsatirawo ali pansi pa mzere nkumabwerera pang'onopang'ono. Ndayang'ana mafunde a interferometer pamalopo ali bwino palibe lomwe ladumphidwa. Ndikawachotsa asanu ndi limodziwo D2 ikusintha pang'ono, ndikawasiya ikusinthanso. Kuwachotsa si kuba kodi? Ine ana ndimawaphunzitsa kuti nambala yomwe sukuikonda suifufuta. Komanso timaenje tina ndikatikulitsa pa sikirini tili ndi nsonga ziwiri ngati mapasa, pulogalamu yanga imangotenga yakuya kwambiri.

MwanaWaMacanga analemba:

Ndasangalala nanu aphunzitsi. Madontho asanu ndi limodziwo si zolakwika zanu, ndi chinthu chenicheni cha mu kamphete, timati avoided mode crossing. Kanjira ka kuwala kokhuthala chotero sikanyamula banja limodzi lokha la ma mode, ndiye kuti njira zomwe kuwala kumakhalira mkatimo, mumakhala la TE ndi la TM, osiyana mbali yomwe kuwala kumagwedezekera, pena ndi ena apamwamba, ndipo banja lililonse lili ndi FSR yakeyake. Poti FSR zikusiyana, penapake kadzenje ka banja lina kamafika pafupi ndi ka banja lanu, ndipo ngati pali kolumikizira pang'ono, mwina pomwe kamphete kayandikana ndi kanjira kowongoka, tiwirito timakankhana osalola kukhala pa frekwensiya imodzi. Nchifukwa chake mukuona kukwera mbali ina ndi kutsika mbali inayo. Bwererani ku mzati woyamba cha pa 1585 muyang'anitsitse, muona kadzenje kena kosaya kakuyandikira FSR iliyonse, pafupi ndi pokumanira kakuya, kenako kakutalikira mbali ina.

Pokwanitsa parabola achotseni, chifukwa D2 ikunena za banja lanu palokha. Koma pa galafu asiyeni aoneke, apatseni mtundu wina, mulembe pansi kuti awa sanalowe mu masamu ndipo chifukwa chake ndi ichi. Kumeneko si kuba, kuba nkuwabisa. Ndipo ndi ofunika, crossing yaikulu pafupi ndi pomwe ukupopera laser imatha kuletsa soliton kubadwa, nde wopanga chip amafuna adziwe pomwe ili. Ine ndikanakhala inu ndikanapereka tsamba lonse la monografiya kwa madontho amenewa.

Za mapasa, ndi kuwala komwe kwagunda tizipsera ta mmbali mwa kanjira nkubwerera mmbuyo, kozungulira chakumanja ndi kozungulira chakumanzere kwalumikizana, kadzenje nkugawika pawiri. Musatenge yakuya, mukatero mukuphonya ndi theka la mpata wa pakati pa nsonga ziwirizo, pena kumtunda pena kumunsi. Kwanitsani ma Lorentzian awiri, mizere yokhota ya masamu yooneka ngati kadzenje, mutenge pakati. Ngakhale timaenje ta nsonga imodzi kwanitsani Lorentzian osangotenga dontho lotsikitsitsa, mupezanso mulifupi mwake, ndipo 193 THz, frekwensiya ya kuwalako, kugawa ndi mulifupimo ndi Q, nambala yosonyeza mmene kamphete kamasungira bwino kuwala. Ka 190 MHz ndi Q ya 1 miliyoni. Mukaona kadzenje kopendekeka ngati dzino la sowo dziwani kuti laser inali yamphamvu kwambiri inatenthetsa kamphete nkukankha kadzenjeko, koma ndikhulupirira mphwanu anayeza ndi mphamvu yochepa. Onjezaninso D3 mu masamu anu, yosonyeza mmene D2 imasinthira, pa ma nanometre 100 parabola siikhala yofanana mbali zonse, makamaka D2 ikakhala yaing'ono chonchi.

Tsopano HCN uja, ndipo apa ndikupemphani musaudumphe. Ndi kabotolo kagalasi kotsekedwa kokhala ndi mpweya wa hydrogen cyanide, gawo la laser limadutsamo. Mamolekyu ake amameza kuwala pa mizere yoposa 50 pakati pa 1530 ndi 1565 nm, yotalikirana mosakwana nanometre imodzi, ndipo a NIST, bungwe la miyezo ku America, anaiyeza nkufalitsa tebulo lake pansi pa dzina la SRM 2519a, lili pa intaneti ulere. Nchifukwa chake mwaona timaenje mbali imodzi yokha. Muona magulu awiri a mizere ndi mpata pakati cha pa 1542 mpaka 1543 nm, mpata umenewo ndi poyambira kuzindikira kuti mzere uti ndi uti. Mizere imeneyi siitanuka ngati faiba. Werengani nambala ya mafunde a interferometer pa mzere uliwonse, muike pambali pa frekwensiya ya mu tebulo, mukwanitse parabola pamenepo. Ikupatsani kukula kwenikweni kwa funde, chifukwa mamita 5 aja munthu anadula ndi manja sangakhale 5.000, komanso dispersion ya faiba yemwe anagwiritsidwadi ntchito osati 17 ya mu kabuku. Pajatu 17 ndi ya pa 1550, chakuma 1600 imakhala itakwera kuyandikira 20. Chenjezo ndi loti HCN ikuthera pa 1565 pomwe inu mukufika 1620, nde kumtunda uko mukudalira kuti parabola ipitirira momwemo, zimenezo mulembe poyera mu monografiya ndipo D3 yanu musaikhulupirire ngati mmene mungakhulupirire D2.

WaFaiba_Moatize analemba:

Achemwali mwatiphunzitsa tonse. Ine ndingowonjezera za kutentha poti ife a kuno timakudziwa, Okutobala ndi Novembala Tete imapyola madigiri 40 ndipo faiba amamva, kutalika kwake kwa kuwala kumasintha pafupifupi gawo limodzi pa 100,000 pa digiri iliyonse. Pa ntchito yathu sizitivuta koma pa rula ngati imeneyo ndikuona chifukwa chake amathamangitsa laser masekondi 10 okha, kuti chingwe chisapeze nthawi yosintha muli mkati moyeza. Aphunzitsi mukamufunsa mphwanu mumufunse ngati interferometer yo anaitsekera mu bokosi.

Komanso za ana a kalasi ya 12. Laser yoyenda ija sitingaipeze kuno koma ndili ndi zidutswa za faiba zotsala zomwe timataya, ndi ka cholembera kathu kofiira ka 650 nm kofufuzira pomwe chingwe chathyoka. Mukapinda faiba mozungulira chala kuwala kofiira kumatulukira pa kona pooneka ndi maso, mukamasula kumasiya. Ana akaona zimenezo amvetsa msanga chifukwa chake kusunga kuwala mu kamphete ka theka la milimita kumafuna zinthu zoposa galasi wamba.

MwanaWaMacanga analemba:

Eya amaitsekera, ifenso yathu ili mu bokosi la thovu ndipo sitiyenda pafupi poyeza. Kamphete nako kamakhala pa kachitsulo kosunga kutentha, chifukwa digiri imodzi imasuntha timaenje ta silicon nitride ndi ma GHz awiri kapena atatu. Lingaliro la kuwala kofiira ndi labwino kwambiri, kungoti ana asayang'ane kumapeto kwa faiba mwachindunji.

Mphunzitsi_Ulongwe analemba:

Ndabwerera pa 1585 ndipo kadzenje kachiwiri kaja ndakaona, kakuyandikira ndendende mmene mwanenera achemwali, ndakatsatira ma FSR khumi ndi awiri mpaka kanazilala. Tebulo la NIST ndalitsitsa, mpata wa pakati ndaupeza, Loweruka ndikhala pansi ndilumikize mizere yonse ndi mafunde ndipo nambala yomwe ituluke ndidzaiika pano. Achimwene a ku Moatize zidutswazo ndikuzifuna ndithu. Mlamu wanga amayendetsa chapa ya Tete Ulongwe, amadutsa pa Moatize mmawa uliwonse asanakhotere pa Mussacama, ndikutumizirani uthenga kumbali kuti tigwirizane tsiku loti mumupatsire.